Nthano ndi Luso la Manja pa Nyengo ya Kutentha: Chitsanzo cha Mzinda wa Phoenix

Mdani wooneka ndi maso, monga chigumula kapena dzombe, anthu amamkonzekera. Koma kutentha kwa dzuwa kumapha mwakachetechete, kosagwetsa nyumba kapena kukokolola mlatho, ndipo kawirikawiri kumampeza munthu ali yekha. Chifukwa cha ichi, ofuna kupulumutsa anthu ayenera kuyamba ndi kuutsa makambirano za mdaniyo. Mzinda wa Phoenix, likulu la chigawo cha Arizona ku America, wayesa kutero mwa njira ziwiri zimene mphunzitsi aliyense azidziwa kale, ndizo kusimba nkhani ndi luso la manja.

Phoenix anamangidwa m'chipululu cha Sonora. M'chaka cha 2023 munali masiku 31 otsatizana, kuyambira pa 30 June kufikira pa 30 July, amene kutentha kunafika pa madigiri 43 a Celsius kapena kupyola apo. Pa 19 July, ngakhale usiku womwe, sikunatsike pansi pa madigiri 36. M'chaka chomwecho anthu 645 anafa ndi kutentha m'boma la Maricopa, momwe muli mzindawo. Ambiri a iwo anali osowa pokhala, ena anali okalamba amene makina oziziritsa m'nyumba zao anali osagwira ntchito.

Mzinda umatentha koposa thengo louzinga. Phula la m'miseu, simenti ndi madenga zimamwa dzuwa usana wonse, nizitulutsa kutenthako usiku, monga mafuwa amene akhalabe otentha moto utazima kale. Mtengo uchita zosiyana, pakuti upatsa mthunzi, ndipo madzi otuluka m'masamba ake aziziritsa mpweya. Tsono popeza mitengo ichepa m'madera a anthu osauka, kutentha sikugawika mofanana mumzinda umodzi womwewo.

Pofuna kudziwa kumene vuto likula, bungwe la The Nature Conservancy, pamodzi ndi Arizona State University ndi a zaumoyo a m'boma la Maricopa, linaitana anthu a m'madera atatu kumisonkhano. Awiri a maderawo, Edison-Eastlake ndi Lindo Park-Roesley Park, ali mu Phoenix, ndipo lachitatu lili mumzinda woyandikana nao wa Mesa. Kumeneko anthu anasimba nkhani za moyo wao pa nyengo ya dzuwa. Nzeru yake ndi iyi: chipangizo choyesera kutentha chinena madigiri okha, koma sichidziwa njira imene ana adzera pochokera kusukulu, kapena malo amene mai adikira basi ali ndi khanda m'manja, kapena nyumba imene mugona nkhalamba yopanda woizonda. Zimenezi azidziwa eni dera, ndipo zituluka msanga m'nkhani koposa m'mafunso a pa pepala. Ndiponso munthu akamva mnansi wake akusimba vuto lonenelo, aleka kuliyesa tsoka lake yekha. Zopempha zao, monga mithunzi pamalo odikirira basi, mitengo m'njira za oyenda pansi ndi madzi akumwa, zinalembedwa m'buku la malangizo limene linatuluka m'chaka cha 2019.

M'chaka cha 2021 mzindawo unatsegula ofesi yoyang'anira za kutentha, ndipo m'chaka cha 2023 unalandira madola 1 miliyoni kuchokera ku Bloomberg Philanthropies kuti amisiri apange mithunzi. Ntchitoyo inatchedwa Sombra, mau a Chisipanishi otanthauza mthunzi, ndipo m'chaka cha 2025 mithunzi 9 ya maonekedwe osiyanasiyana inaimikidwa kwa kanthawi m'mabwalo opumulirako. Wina angafunse kuti, kodi denga la malata wamba silikwanira? Inde, lipatsa mthunzi, koma chinthu chokongola chiitana anthu, nichiwakhazika pansi, ndipo anthu akakhala pamodzi adziwana, nazindikira amene sanaoneke tsikulo. Kumanga mthunzi si nzeru yachilendo kumeneko ai. Anthu a mtundu wa O'odham, eni dzikolo, akhala akumanga chisakasa cha mitengo ndi nthambi, chopanda makoma, kuti mphepo ipite pansi pake, ndipo pamenepo ndipo pogwirira ntchito ndi pochezera.

Komabe nthano ndi zojambula sizilowa m'malo mwa madzi, chipatala ndi nyumba yabwino. Ntchito yao ndiyo kuonetsa kumene thandizo lifunika, ndi kuphunzitsa anthu mwa njira yosaiwalika.

Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amene anaphunzitsapo ku Nsanje kapena ku Chikwawa m'mwezi wa October, kapena m'chipinda cha malata chodzaza ana mu Blantyre, adziwa kuti mwana wotenthedwa samva phunziro. Mphunzitsi wotere sasowa ndalama zambiri kuti atengereko nzeru za ku Phoenix. Pa phunziro la Chichewa angauze ana kuti asimbe za ulendo wao wa masana: pamene apuma, pamene amwa madzi, ndi pamene mchenga uotcha mapazi. Angawatume kukafunsa agogo ao momwe kale ankakhalira m'chilimwe, ndi mitengo imene inali pabwalo. Pa phunziro la zojambula, anawo angalembe mapu a njirazo, naika chizindikiro paliponse posowa mthunzi. Mapu otere ndiwo adzalangiza makolo pobzala mitengo mvula ikagwa, ndi pomanga chisakasa cha udzu kapena mphasa.

Pomaliza, ana angapeke nthano yao yokhala ndi nyimbo yovomerezana, yonena zizindikiro za munthu wogwidwa ndi dzuwa, ndizo mutu, chizungulire, kufooka ndi kulankhula zosokonezeka, ndiponso chochita: kumgoneka pamthunzi, kumthira madzi, kumpepeza, kumpatsa akumwa ngati ali maso, ndi kufulumira naye kuchipatala akayamba kusokonezeka. Lamulo lolembedwa pa bolodi lifafanizidwa madzulo, koma nyimbo ya m'nthano mwana apita nayo kwao, nakaiimba pamaso pa agogo ake.