Limosilactobacillus reuteri: Kachirombo Kothandiza M'mimba mwa Anapiye ndi Ana a Nkhumba

Mawu Oyamba

Alangizi ambiri m'maiko a chigawo chathu chino akufunsidwa za mapaketi a ufa olembedwa kuti "probiotic", amene akugulitsidwa pamodzi ndi mankhwala a ziweto. Alimi ena amayesa kuti ndi katemera, ena amati ndi mankhwala a kutsekula m'mimba. Zonse ziwirizi si zoona. M'paketimo muli tizirombo tamoyo, ndipo phindu lake lagona pa moyo umenewo. Akatswiri amene anasonkhanitsidwa ndi mabungwe a FAO ndi WHO m'chaka cha 2001 anagwirizana kuti dzinali liyenera kuperekedwa kwa tizirombo tokhato timene tili ndi moyo, taperekedwa pa muyeso wokwanira, ndipo tikupindulitsa thanzi la wolandira. M'nkhani ino tifotokoza kamodzi mwa tizirombo totere, momwe kamagwirira ntchito, ndiponso malire a mphamvu yake.

Mbiri Yake

Kachiromboka ndi bakiteriya wa m'gulu limene limasandutsa shuga kukhala asidi wowawasa wotchedwa lactic. Gululi si lachilendo kwa ife: ndi lomwe limasasitsa chambiko ku Malawi, mabisi ku Zambia, ndiponso mahewu ku Zimbabwe ndi ku South Africa. Dzina lakuti reuteri linaperekedwa m'chaka cha 1980 polemekeza Gerhard Reuter, katswiri wa ku Germany amene m'zaka za m'ma 1960 anakasiyanitsa ndi anzake ofanana nako. Kwa zaka 40 kanatchedwa Lactobacillus reuteri, koma mu 2020 akatswiri anagawa banja la Lactobacillus m'magulu ambiri ndipo kanasinthidwa kukhala Limosilactobacillus reuteri. Maina onse awiriwa mudzawaona pa mapaketi, koma kachirombo ndi kamodzi.

Mwachilengedwe kamakhala m'mimba mwa nkhuku, nkhukundembo, nkhumba, mbewa ndi anthu ena. Mwa nkhuku kamakonda kumamatira pa khoma la chithokomiro, ndipo mwa nkhumba kamakhala pa khomo la chifu, pamene kholingo limathera.

Chifukwa Chake Ziweto Zazing'ono Zimakafuna

Mwanapiye akamaswa, m'mimba mwake mumakhala ngati munda wongolimidwa kumene: chimene chayamba kumera ndicho chimalanda malo. Mwanapiye wa pamudzi amalandira tizirombo tabwino kuchokera kwa make, pojompha pansi pamene nkhuku yaikulu yayenda ndi kusiya zitosi. Koma anapiye ooswedwa ndi makina saonana ndi make. Amafika kwa mlimi atayenda ulendo wautali m'bokosi, m'mimba muli pafupifupi mopanda kanthu, ndipo Salmonella kapena E. coli akapezeka m'khola amakhazikika popanda wolimbana naye.

Mfundoyi inatsimikizidwa ku Finland mu 1973, pamene Esko Nurmi ndi Marjatta Rantala anamwetsa anapiye ongooswedwa kumene zamkati mwa matumbo a nkhuku zazikulu zathanzi. Anapiyewo anapirira Salmonella kusiyana ndi anzawo amene sanamwetsedwe. Zimene anamwetsazo zinali chisakanizo cha tizirombo tambirimbiri, koma phunziro lake ndi lomwe lija: wofika msanga ndiye mwini malo.

Kwa ana a nkhumba, nthawi yoopsa ndi yoletsa kuyamwa. Chifu cha mwana wa nkhumba sichipanga asidi wokwanira pachokha, motero chimadalira asidi wopangidwa ndi tizirombo tosasitsa mkaka wa make. Mkaka ukaleka mwadzidzidzi tiziromboti timachepa, E. coli amachuluka, ndipo kutsekula m'mimba kumabuka m'masabata awiri oyamba.

Momwe Kamagwirira Ntchito

Choyamba, kamalanda malo ndi chakudya. Kakamatirira pa khoma la chithokomiro ndi kuswana, tizirombo toyambitsa matenda timasowa pogwira.

Chachiwiri, kamapanga asidi. Chakudya chikamafewa m'chithokomiro, kachiromboka kamachisasitsa, ndipo Salmonella ndi E. coli saswana bwino m'malo owawasa.

Chachitatu, kamapanga mankhwala akeake otchedwa reuterin, amene anafotokozedwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi akatswiri a ku North Carolina State University ku America mogwirizana ndi anzawo a ku Sweden. Mankhwalawa amapangidwa kuchokera ku glycerol m'malo mopanda mpweya, monga m'matumbo, ndipo amafooketsa mabakiteriya ambiri, yisiti ndi nkhungu.

Apa pali mfundo yofunika kuigwiritsa. Monga momwe chimanga chilili chimodzi koma mbewu zake n'zosiyana pa kakhwimidwe ndi kupirira chilala, reuteri nayenso ali ndi mitundu yambiri. Si mitundu yonse imene imapanga reuterin. Komanso kafukufuku waonetsa kuti mitundu yambiri inazolowera nyama yakeyake, kotero kuti mtundu wotengedwa mwa mbewa kapena mwa nkhumba sukhazikika bwino mwa nkhuku. Paketi yongolembedwa dzina la kachirombo, popanda nambala ya mtundu wake ndi chiweto chimene unayesedwapo, siuza mlimi zokwanira.

Kasamalidwe Kake

Mlangizi amene anaphunzitsapo alimi za inokulanti ya soya akudziwa kale theka la nkhaniyi. Zonse ziwiri ndi zamoyo, zimafa ndi kutentha, ndipo zikafa maonekedwe a ufa sasintha. Choncho tikulangiza izi:

1. Werengani paketi. Payenera kukhala dzina la mtundu, chiwerengero cha tizirombo tamoyo pa galamu imodzi chimene chimalembedwa kuti CFU, ndi tsiku lothera mphamvu.

2. Sungani pamalo ozizira ndi ouma, makamaka m'firiji. Paketi imene yakhala padzuwa pa windo la sitolo isagulidwe.

3. Musasungunule m'madzi othira kolorini. Tsatani chisamaliro chomwe chija cha katemera wa chitopa wothira m'madzi akumwa: madzi aukhondo, ozizira, ndipo amwedwe m'maola ochepa.

4. Musayembekezere kuti kachiromboka kapulumuke m'chakudya choumbidwa timibulu ndi nthunzi. Kutentha kwa makinawo kumapitirira madigiri 70, ndipo reuteri alibe chikhokhombe chodzitetezera monga ali nacho mabakiteriya a gulu la Bacillus.

5. Perekani msanga: tsiku loyamba kwa anapiye, ndipo kwa ana a nkhumba masiku angapo asanaletsedwe kuyamwa mpaka atazolowera chakudya chouma.

6. Musaphatikize m'madzi amodzi ndi maantibayotiki. Ngati ziweto zikulandira mankhwala, perekani kachiromboka mankhwalawo atatha.

Zimene Sikangachite

Kachiromboka sikachiza chiweto chodwala kale. Sikateteza ku chitopa, gumboro kapena chigodola cha nkhumba, pakuti matendawa amayambitsidwa ndi mavairasi. Chitopa ndi gumboro zimafuna katemera, ndipo chigodola chimafuna kutsekera nkhumba m'khola ndi kuletsa kuyendetsa nyama. Sikalowa m'malo mwa mkaka woyamba wa make, khola louma, kapena chakudya chopanda chuku. Zotsatira za mayeso nazonso zimasiyanasiyana: kwina ziweto zimakula bwino ndipo kutsekula m'mimba kumachepa, kwina kusiyana sikuoneka. Tisalonjeze mlimi phindu limene sitinaliyese m'khola lofanana ndi lake. Ndipo kwa nkhuku za pamudzi zoleredwa ndi make, ndalama yochepa imene mlimi ali nayo ipite kaye ku katemera wa chitopa.

Mawu Otsiriza

Dziko la Sweden linaletsa kuthira maantibayotiki m'chakudya cha ziweto pofuna kuzikulitsa mu 1986, ndipo maiko onse a European Union anatsatira pa 1 Januwale 2006, poona kuti mchitidwewu umabala tizirombo tosamva mankhwala, timene timafika ndi kwa anthu. Kwathu kuno alimi ambiri a nkhuku zanyama amathirabe mankhwala m'madzi kuyambira tsiku loyamba, ngakhale anapiye asakudwala. Apa ndi pamene reuteri ali ndi malo ake, pamodzi ndi ukhondo ndi katemera. Mlimi akakufunsani za paketi yotere, yambani ndi mafunso atatu: ndi mtundu uti, wa chiweto chiti, ndipo kodi ukadali moyo?