Ana Aakazi Atatu a Bere Limodzi

Amayi, inu amene mudadwazikapo matenda mukudziŵa m'mene mtima umaŵaŵira poona mbale wanu akulephera kukweza chikho. Pali nthenda ina imene madokotala amaitcha motor neuron disease, kapena ALS. Imapha mitsempha yonyamula mauthenga kuchokera ku ubongo kupita ku minofu. Miyendo ndi manja zimafooka, lilime limalemera, kumeza kumavuta, potsiriza ndi kupuma komwe. Kaŵirikaŵiri wodwalayo amakhala ndi nzeru zake zonse, naona thupi likumukana.

Mu 1997 nthendayi idapezeka mwa Jenifer Estess wa ku New York. Mankhwala ochiza panalibe. Iye ndi abale ake, Valerie ndi Meredith, sadangokhala pansi kulira. Mu 1998 adayambitsa bungwe la Project ALS losonkha ndalama kwa anthu akufuna kwabwino, zoti akatswiri afufuzire nthendayi. Jenifer adamwalira mu 2003, koma aŵiriwo adapitiriza.

Ofufuzawo anali ndi vuto lalikulu. Mtsempha wa munthu wamoyo sungachotsedwe mu msana kuti auyese. Njira idachokera ku Japan, kumene mu 2007 Shinya Yamanaka adabweza maselo a khungu la munthu ku ukhanda wake. Maselo ndi tizigawo tosaoneka ndi maso timene timamanga thupi, ndipo akabwerera ku ukhanda angathe kusanduka mnofu, magazi kapena mtsempha.

Tsono mu 2008 akatswiri a ku Harvard ndi ku Columbia, mothandizidwa ndi bungwe lija, adatenga kachidutswa ka khungu la gogo wina wa zaka 82 wodwala nthendayi, napanga nako maselo a mtundu womwewo umene unali kufa m'thupi mwake. Kuyambira pamenepo ofufuza amaonerera maselo otere m'timbale ndi kuyeserapo mankhwala, wodwala osavutitsidwa.

Komabe chenjerani, amayi. Mpaka lero mankhwala ochiziratu sadapezeke. Amene alipo, monga riluzole, amangochedwetsa nthendayi pang'ono. Wina akakuuzani kuti agulitsa jakisoni wa maselo wochiritsa, musagulitse munda kapena mbuzi zanu. Wodwala mupite naye kuchipatala. Kunyumba mumdyetse zofeŵa pang'onopang'ono atakhala tsonga, muzimtembenuza pamphasa, ndipo muzilankhula naye monga kale, pakuti akumva zonse.