Mabungwe a boma ndiwo mlatho pakati pa akatswiri a sayansi ndi anthu

Mu 2012, dziko la Zambia linabvomereza mitundu itatu ya mbeu ya cimanga ca olenji, comwe ciri ndi vitamini A amene sapezeka kwenikweni m'cimanga coyera. Mlimi wobzala mbeuyi mwina sadziwa manja amene inadutsamo isanafike m'munda mwake. Koma ulendo wake uonetsa bwino nchito imene mabungwe a boma amagwira pa nkhani za sayansi ndi luso lamakono.

Zonse zinayamba ndi bvuto la umoyo. Kusowa vitamini A kumafooketsa thupi la mwana polimbana ndi matenda, ndiponso kumaononga maso. Mu 1998 boma linalamula kuti m'shuga wogulitsidwa m'dziko muno muziikidwa vitamini ameneyu. Komabe mabanja ambiri a kumidzi sagula shuga kawirikawiri, pomwe nsima amadya tsiku ndi tsiku.

Pa cifukwa ici, akatswiri a bungwe la boma lofufuza zamalimidwe la ZARI, lomwe likulu lake liri ku Mount Makulu m'boma la Chilanga, anagwirizana ndi mabungwe akunja a CIMMYT ndi HarvestPlus. Iwo anakwatitsa mitundu yosiyanasiyana ya cimanga ndi kuiyesa m'minda ya kafukufuku kwa zaka zingapo.

Mbeu yatsopano siloledwa kugulitsidwa isanapimidwe. Nchito imeneyi ndi ya bungwe lina la boma la SCCI, lomwe limaona ngati mbeu imera bwino, ibereka mokwanira ndiponso ngati ndi yosiyanadi ndi imene iripo kale. Ikabvomerezedwa, makampani a mbeu amaiculukitsa ndi kuigulitsa, ndipo alangizi a zamalimidwe amaphunzitsa alimi kabzalidwe kake.

Nanga n'cifukwa ciani boma liyenera kulowererapo? Kafukufuku amatenga nthawi yaitali, amadya ndalama zambiri, ndipo palibe amene angalonjeze kuti adzabala zipatso. Wamalonda safuna kuika cuma cake pa cinthu cimene phindu lake lidzaoneka patapita zaka khumi, makamaka ngati odzapindula ndi alimi ang'onoang'ono. Boma likapanda kusenza katundu ameneyu, palibe wina womusenza.

Dziko la Zambia linazindikira zimenezi litangolandira ufulu wodzilamulira. Mu 1967 linakhazikitsa bungwe la National Council for Scientific Research, kuti lizicita kafukufuku ndi kulangiza boma. Mu 1996 boma linatulutsa ndondomeko yoyamba ya sayansi ndi luso lamakono, ndipo caka cotsatira Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo lomwe linagawa nchitozi pakati pa mabungwe osiyana.

Bungwe la NSTC linapatsidwa udindo wolangiza boma, woyang'anira mabungwe a kafukufuku ndi wogawa ndalama zothandizira ofufuza. Bungwe la NISIR linatenga nchito yocita kafukufuku weniweniyo, monga pa zakudya, madzi ndi zipangizo za m'mafakitale. Bungwe la NTBC linapangidwa kuti lizitenga zimene akatswiri atulukira ndi kuzifikitsa kwa amalonda. Munthu amene wapanga cinthu catsopano amakacilembetsa ku PACRA kuti ena asam'bere nzeru zake, ndipo bungwe la ZABS ndilo limaika miyezo imene katundu ayenera kukwaniritsa. Ndondomeko ya 1996 inalowedwa m'malo ndi ina mu 2020, ndipo mu 2021 boma linapanga unduna woima paokha woona za luso lamakono ndi sayansi.

Mabungwe a boma amathandizanso dziko kusankha luso limene lingalandire ndi limene lingakane. Mu 2002, pa nthawi ya cilala pomwe anthu oposa mamiliyoni awiri anali pa njala, boma la mtsogoleri Levy Mwanawasa linakana cimanga ca thandizo cosinthidwa cibadwa, codziwika kuti GMO. Boma linatuma akatswiri a sayansi kumaiko akunja kukafufuza, ndipo atabwerako linaumirira pa ganizo lake. Ena anayamikira, ena anadzudzula kwambiri. Nthawi imeneyo dziko linalibe lamulo lounikira mbeu zotere. Lamulolo linapangidwa mu 2007, ndipo linakhazikitsa bungwe la National Biosafety Authority, lomwe limapereka kapena kukana cilolezo ca zinthu za GMO. Cimanga ca olenji sicili m'gulu limeneli, popeza cinapangidwa mwa njira yakale yokwatitsa mbeu.

Ngakhale mabungwewa alipo, mabvuto sanathe. Lalikulu ndi la ndalama. Maiko a mu Africa anagwirizana kuti dziko lililonse liziika gawo limodzi mwa magawo 100 a cuma cimene limapanga pa caka ku nchito za kafukufuku, koma Zambia, monga maiko ena ambiri, sinafikepo pa mlingo umenewu. Zotsatira zake n'zakuti zipangizo zofufuzira zimakalamba, akatswiri ena amapita kukagwira nchito kunja, ndipo kafukufuku wambiri amadalira thandizo la alendo, amene nthawi zina amakhala ndi zolinga zawozawo.

Bvuto lina ndi la kufikitsa zotulukiridwazo kwa anthu. Cimanga ca olenji citatuluka, anthu ena anacikaikira poganiza kuti n'cimodzimodzi ndi cimanga cacikasu cimene analandira ngati thandizo pa cilala ca 1992. Panafunika kuwaphikira nsima yake kuti alawe okha, ndi kuwafotokozera ubwino wake kwa ana ndi amai oyembekezera. Mbeu yabwino imene yatsekeredwa m'nkhokwe ya akatswiri siithandiza munthu.

Cotero nchito ya mabungwe a boma iyenera kuyesedwa ndi zimene zafika m'munda, m'fakitale ndi pa msika. Aphungu a Nyumba ya Malamulo akamakambirana ndondomeko ya cuma ca dziko caka ndi caka, mlimi ali ndi cifukwa cofunsira kuti ndi ndalama zingati zapita ku kafukufuku, pakuti mbeu imene adzabzala zaka khumi zikubwerazi ikukonzedwa lero.