CITSEKO CA NYUMBA YA KAUNSOLO

Pa bwalo la mfumu palibe citseko. Nkhani ikamakambidwa patsinde pa mtengo, ngakhale mlendo wopita m'njira akhoza kuima namvetsera. Koma kaunsolo ya tauni isonkhana m'nyumba, ndipo nyumba iri ndi citseko. Funso lakuti citsekoco citsegukire yani, ndi kuti wolowayo aloledwe kucita ciani, linabvuta anthu a ku Britain zaka zoposa zana limodzi, ndipo mbiri yace iyenera kudziwika kwa ali yense wokhoma msonkho.

M'tauni yaing'ono ya Tenby, m'mphepete mwa nyanja ku Wales, munali mkonzi wa nyuzipepala dzina lace Frank Mason. Mamembala a kaunsolo anaipidwa ndi zimene iye analemba za misonkhano yao, namletsa kulowa. Mlandu unafika kwa oweruza, ndipo m'caka ca 1908 iwo anagamula kuti Mason alibe mau: msonkhano uli wa mamembala okha, munthu wina alowa mwa cifundo cao basi. Caka comweco Nyumba ya Malamulo ya ku London inaika lamulo lopatsa olemba nyuzi ufulu wolowa.

Koma lamulolo linali ndi mpata. Linanena za msonkhano wa kaunsolo yonse, makomiti ambiri losawakhudza. Tsono mamembala akafuna kukambirana m'seri, amangopangana kuti msonkhano usandulike komiti. Anthu omwewo, pa mipando yomweyo, m'cipinda comweco. Casintha ndi dzina lokha, koma olemba nyuzi ayenera kuturuka. Makaunsolo ena anazolowera kumaliza nkhani zonse m'komiti, kotero kuti msonkhano wapoyera unangokhala wobvomereza zophika kale.

Cinyengo cimeneci cinaonekera kwambiri m'caka ca 1959, pamene osindikiza ananyanyala nchito. Makaunsolo ena ogwirizana ndi onyanyalawo anaturutsa olemba a manyuzipepala amene anapitiriza kusindikizidwa. Phungu watsopano wa ku Finchley, Mai Margaret Thatcher, amene anadzakhala Nduna Yaikuru m'caka ca 1979, ndiye anabweretsa lamulo lotseka mpatawo, ndipo anacita zimenezi m'mau ace oyamba m'Nyumba ya Malamulo, pa 5 February 1960. Lamulo la 1960 linatsegulira citseko anthu onse, osati olemba nyuzi okha, ndipo komiti ya mamembala onse inayesedwa ngati kaunsolo yomwe. Kutseka sikunaletsedwe konse, pakuti ziripo nkhani zosayenera kuulutsidwa. Koma kaunsolo inayenera kuyamba yapangana poyera kuti itseka, ndi kuchula cifukwa cace. Makomiti enawo anatsegulidwa ndi lamulo la 1972.

Apa panaturukira bvuto lina. Munthu alowa, akhala kumbuyo, namva wapampando alikufunsa ngati mamembala abvomereza zolembedwa pa tsamba lakuti. Manja akwera, nkhani yatha. Mamembala ali ndi mapepala, iye alibe. Wapenya zonse koma sanamve kanthu, monga mlendo wa ciyankhulo cina pa mlandu. Cifukwa cace lamulo la 1985 linanena kuti mndandanda wa nkhani ndi malipoti ace aziikidwa poyera kutatsala masiku 3 athunthu, ndi kuti zolembedwa za msonkhano zizisungidwa zaka 6 kuti ali yense aziwerenge. Ku England masikuwo anaonjezedwa m'caka ca 2002 nakhala 5. Lamulo limeneli linachulanso mitundu ya nkhani zololedwa kubisika, monga za munthu mmodzi payekha kapena uphungu wa maloya. Mwa malamulo onsewa, ili ndilo linathandiza koposa, pakuti wodziwa dzulo kuti mawa akamba za msika wa kwao akhoza kukaonana ndi membala wace nthawi ikadalipo.

Nanga kuyankhula? Malamulo amenewa apatsa munthu ufulu wolowa, womvera ndi wowerenga, koma sampatsa ufulu wotsegula pakamwa. Cimeneco kaunsolo iri yonse idziikira yokha m'malamulo ace a msonkhano. Ambiri apatula kanthawi ka mafunso, napatsa munthu mmodzi mphindi zitatu, ndipo ena afuna kuti funso lilembedwe ndi kufika kwa mlembi pasadakhale. Malire otere si nkhanza. Popanda iwo, mwini mau akuru adya nthawi yonse, ndipo mai wamanyazi amene wadzera nkhani ya madzi abwerera osanena kanthu. Wosokoneza msonkhano wapampando akhoza kumturutsa. Koma malire omwewo asanduka msampha wapampando akawagwira mokondera, kudula wotsutsa pa mphindi yacitatu ndi kulekerera woyamika. Cinanso coyenera kupenyetsetsa ndico malo a kanthawiko: mafunso oikidwa pa mapeto, mamembala atakweza kale manja, sasintha kanthu, ngakhale wofunsayo atapatsidwa ola lathunthu.

M'caka ca 2014 England inalola kuti munthu wolowa m'msonkhano wapoyera azijambula zithunzi ndi mau, ndi kuziulutsa msonkhano uli m'kati. Cimene Mason anatsekeredwa naco kunja ali ndi pensulo, tsopano cicitika ndi foni ya m'manja, wapampando alikupenya.