Amisiri Owerenga Zaka za Ng'oma ku Chilenje

Seti ya ng'oma za bandi ikayamba kutopa mu Lusaka, njira yake imadziwika. Imachoka m'hotela kapena m'bala n'kukalowa m'tchalitchi chachikulu. Mpingo uja ukasonkha ndalama zogulira yatsopano, yakale ija imatsikira ku kampingo kamene kamapempherera m'kalasi ya sukulu ku Chawama, ku George kapena ku Kanyama. Nthawi iliyonse imene ikusintha manja pamafunika munthu woti aiyang'ane, anene zaka zake, atchule mtengo umene wogula ndi wogulitsa angaumvere.

Munthu ameneyu alibe chikwangwani pakhomo. Ku Chilenje, Kabwata ndi Libala, kumene nyumba zakale za khonsolo zidakali m'mizere yake, amakhala mdala amene adaimbapo m'mabandi ali mnyamata, kapena mwini zokuzira mawu amene amabwereketsa zida pa maukwati ndi pa kitchen party. Pambali pake pali wowotcherera zitsulo wa pamsika, amene amalumikiza mwendo wa sitandi ukathyoka, ndi kalipentala womata thupi la ng'oma likang'aluka. Masiku ano pawonjezeka achinyamata a foni, amene amajambula katundu n'kumuika pa Facebook ndi pa WhatsApp, iwo n'kudyapo kangachepe malonda akatheka. Achinyamatawa amadziwa kumene kuli wogula, koma akafunsidwa za chaka amathamangira kwa mdala uja.

Ng'oma zakalezi zidabwera ndi ndalama za mkuwa. Zaka za m'ma 1970 zidali nyengo ya Zamrock, ndipo oimba ng'oma a nthawi imeneyo mayina awo akadamvekabe: Chrissy Zebby Tembo wa Ngozi Family, Boidi Sinkala wa WITCH, Brian Chengala wa Musi-O-Tunya, Watson Lungu wa Amanaz. Kenneth Kaunda, amene adakhala m'nyumba nambala 394 konkuno ku Chilenje kuyambira 1960 mpaka 1962, atakhala pulezidenti adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko muno. Mabandi adachuluka, fakitale ya Teal ku Ndola inkadinda mbale, ndipo bandi iliyonse inkafuna seti yake. Kenaka mtengo wa mkuwa udagwa, ndalama zakunja zidasowa, zida zatsopano zidaleka kubwera. Zimene zidalipo zidayenera kutumikira mpaka nyengo ya kalindula m'ma 1980, zikumangidwa ndi waya, zikubooledwa, zikupakidwa utoto. Aliyense woyesa zaka za ng'oma mu Lusaka amakhala akuwerenga zipsera za zaka zimenezo.

Choyamba chimene mmisiri amafuna ndi baji, kachitsulo kokhala ndi dzina la kampani kamene nthawi zambiri kamakhomedwa pa kabowo kotulukira mpweya. Dzina lolembedwa pa chikopa cha kutsogolo kwa bass drum saliwerengera n'komwe, poti aliyense wokhala ndi utoto angathe kulemba Pearl pamenepo. Pa ng'oma za Ludwig za ku America baji imanena zambiri. Manambala adayamba kudindidwa pa baji chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ndipo cha m'ma 1969 mpaka 1970 kampaniyo idasiya baji yaing'ono yamkuwa n'kuyamba ina yamitundu iwiri, yabuluu ndi yobiriwira. Ng'oma zambiri za Ludwig za m'ma 1960 zilinso ndi tsiku lodindidwa ndi inki m'kati mwa thupi. Tsoka lake, munthu wina wokonda ukhondo akhoza kukhala kuti adapakamo penti kalekale, tsikulo n'kukwiririka.

Kuno, chifukwa cha ubale wakale wa malonda ndi Britain, dzina la Premier ndi lodziwika kwa achikulire, pamodzi ndi Olympic, mtundu wake wotchipirapo. Premier wakale amadziulula ndi mabawuti omangira chikopa: mutu wake uli ndi mpata wonga wa sikuluu, pamene makampani ena amapanga wa ngodya zinayi. Palinso msampha umene wagwetsa ogula ambiri. Ng'oma zina za Premier zopangidwa zaka za m'ma 1960 zisanathe zili ndi miyeso yakeyake, moti chikopa cha pulasitiki chogulidwa m'sitolo lero sichilowa. Mmisiri wodziwa amayenda ndi tepi. Akapeza muyeso wotere amadziwa kuti ng'omayo ndi yakaledi, komanso kuti mpingo umene uigule udzavutika tsiku limene chikopa chidzaphulike.

Za ku Japan n'zosavuta kuikira malire. Yamaha idayamba kupanga ng'oma mu 1967. Dzina la Tama lidayamba mu 1974, ndipo kale kampani yomweyo inkalemba Star. Pearl Export, imene yadzaza matchalitchi padziko lonse, ndi ya m'ma 1980 kupita m'tsogolo. Choncho wogulitsa akalumbira kuti Export yake idaimbidwa pa chikondwerero cha ufulu mu 1964, mdala amangoseka.

Akatha za baji amamasula chikopa n'kusuzumira m'kati. Amawerenga timatabwa tomatikizana timene tapanga thupilo. Ludwig wa m'ma 1960 amakhala ndi titatu, ndi mkombero wolimbitsa m'mphepete, pamene wa kumapeto kwa m'ma 1970 amakhala ndi tisanu ndi kamodzi, wopanda mkombero. Za ku Japan zotchipa za masiku amenewo zimakhala ndi mtengo wofewa, wa mizere yoimirira, wopepuka m'manja. Kenaka amaika thupilo pa galasi kapena pa simenti yosalala kuti aone ngati m'mphepete mukukhudza pansi paliponse. Amayezanso m'mimba mwake mbali ziwiri, chifukwa ng'oma imene idagonekedwa m'nyumba yodontha mvula yonse imapindika, ndipo yopindika siimangika ngakhale utaigulira chikopa chodula motani. Ufa woyoyoka m'timabowo ting'onoting'ono ndiye kuti mtengo wafumbwa. Pamenepo nkhani yatha.

Mtengo ndi umene umakanganitsa anthu, chifukwa ng'oma imodzi yomweyo ili ndi ogula awiri amene safuna chinthu chofanana. Abusa amafuna seti yathunthu: pedulo yoyenda, hi-hat yotseka, masitandi osagwa pakati pa nyimbo, mpando. Iwo amayerekeza ndi seti yatsopano ya ku China imene aiona m'sitolo m'tauni, yonyezimira, ndipo sangamvetse chifukwa cholipirira zambiri pa chinthu chadzimbiri. Wogula wina ali kutali, ku London, ku Johannesburg kapena ku America, ndipo iye amafuna ng'oma imene sidakhudzidwe. Kwa iyeyu bowo limodzi lowonjezera, limene wowotcherera adaboola kuti amangirirepo chogwirira tom cha kampani ina, limagwetsa mtengo. Pulasitiki yokuta thupi la ng'oma ikasinthidwa, mtengo umagwanso. Baji ikasowa, zaka zimasanduka mphekesera. Ndiye kuti ntchito yonse imene idasunga ng'omayo yamoyo m'zaka za umphawi ndi imene imaichotsera ndalama lero. Ine sindimuimba mlandu wowotcherera uja. Akadadikira chitsulo chenicheni kuchokera ku kampani imene idapanga ng'omayo, bandiyo ikadagona ndi njala.

Intaneti yaonjezera chisokonezo. Mnyamata amaona kuti seti ya Ludwig imene Ringo Starr wa The Beatles ankaimba idagulidwa pa madola oposa 2 miliyoni mu 2015, n'kubwera maso ali gwa.

"Ba mudala, iyi nayonso ndi Ludwig. Onani dzina."

"Mwana wanga, dzina ndaliona. Wogula ali kuti?"

Funso limeneli ndi ntchito yonse. Mtengo wolembedwa pa chithunzi cha malonda ndi umene wogulitsa akulakalaka, ndipo wochenjera amafufuza ndalama zimene zidaperekedwadi pa ng'oma yofanana nayo. Akazipeza amachotsapo za ulendo, popeza Zambia ilibe doko, ndipo kutumiza bass drum pa ndege kungadye phindu lonse. Ngakhale lisiti lakale limasocheretsa, chifukwa mu Januwale 2013 kwacha idachotsedwa maziro atatu, ndipo K2,000,000 ya pa pepala lakale ndi K2,000 ya lero.

Chimene chingakweze mtengo wa ng'oma yokhala ndi zigamba ndi mbiri ya amene adaiimba. Chiyambire pamene kampani ya Now-Again ya ku America idatulutsanso nyimbo za Zamrock, ndipo Emmanuel "Jagari" Chanda adayambanso kuyenda maiko ndi WITCH mpaka kutulutsa chimbale cha Zango mu 2023, pafupifupi seti iliyonse yakale mu Lusaka yapeza mwini wotchuka. Paul Ngozi wa Ngozi Family adamwalira mu 1989, ndipo anzake ambiri a nthawi imeneyo adapita nawonso, kotero otsutsa bodza ndi ochepa. Komanso zida kawirikawiri zinkakhala za mwini bala kapena wolipirira bandi, zikuimbidwa ndi aliyense wobwera. Mmisiri woona mtima amafuna chithunzi: chikuto cha mbale, kapena chithunzi cha m'nyuzipepala chooneka bwino moti n'kuzindikira chipsera chomwecho pa bass drum. Popanda chimenecho amayesa mtengo wa thabwa ndi chitsulo basi.

Ndalama zenizeni zili pa tizinthu ting'onoting'ono tolowa m'sutikesi. Snare ya Ludwig Supraphonic, ngakhale itatuluka timatuza pa chitsulo chake, imafunidwa ndi ojambula nyimbo kulikonse. Cymbal yakale ya Zildjian imadziwika zaka ndi chidindo chokhomedwa pa mkuwa, ndipo Paiste 2002, imene idatuluka mu 1971, ili ndi ogula ake. Mmisiri amaiika cymbal pa chala, kuigogoda, kumvetsera ngati ikulira mpaka kumapeto, n'kuyendetsa chikhadabo m'mphepete kufuna mng'alu. Amaonanso ngati bowo la pakati latambasuka chifukwa chokhuzana ndi chitsulo cha sitandi yopanda kachubu.

N'chifukwa chake wamalonda wodziwa akagula seti yakale saigulitsa yonse pamodzi. Amapatula snare ndi ma cymbal, n'kudikira wachibale wopita kunja kapena woimba wa m'situdiyo amene akudziwa chimene chili m'manja mwake. M'malo mwake amaikamo snare yatsopano ya ku China ndi ma cymbal opyapyala, amagula zikopa, amapukuta zitsulo, n'kuitana abusa. Komiti ya mpingo ikabwera kudzaona katundu, chimene imayamba kuyamikira ndi snare yonyezimirayo.