Ntchito zamanja zophunzitsa ana kuyamika: zimene tingatolepo pa chikondwerero cha Thanksgiving

Mwana akalandira nthochi kwa azakhali ake, kawirikawiri kholo limafunsa kuti, "Ukuti chiyani?" Mwanayo amayankha kuti "zikomo" maso ali pa nthochi, n'kuthamangira kosewera. Mawuwo wawanena bwino, koma sanaganizepo za munthu amene wamupatsa. Makolo ndi aphunzitsi a sukulu zamkaka amalidziwa vutoli: kuloweza mawu aulemu n'kosavuta, pamene kuyamika kochokera mumtima kumatenga nthawi. Ku United States ndi ku Canada kuli chizolowezi chimene chimathandiza pa nkhaniyi, ndipo n'chosafuna ndalama.

M'mayiko amenewa, kuyambira mu Seputembala mpaka Novembala, masamba a mitengo yambiri amasanduka achikasu ndi ofiira n'kuyoyoka, chisanu chisanafike. Imeneyi ndiyo nyengo yawo yokolola, ndipo m'nyengo yomweyi muli chikondwerero chothokoza chotchedwa Thanksgiving. Ku Canada chimachitika Lolemba lachiwiri la Okutobala, pamene ku United States chimachitika Lachinayi lachinayi la Novembala. Pulezidenti Abraham Lincoln ndiye analengeza mu 1863 kuti dziko lonse likhale ndi tsiku lothokoza, ndipo nyumba yamalamulo inakhazikitsa tsiku limene likutsatidwa pano mu 1941.

Anthu a ku United States amagwirizanitsa chikondwererochi ndi phwando la zokolola limene linachitika ku Plymouth mu 1621. Atsamunda ochokera ku England anali atafika chaka chapitacho pa sitima yotchedwa Mayflower, ndipo pafupifupi theka la iwo anamwalira m'nyengo yachisanu yoyamba. Otsalawo anapulumuka chifukwa eni nthaka, anthu a mtundu wa Wampanoag, anawathandiza ndi kuwaphunzitsa kulima chimanga. Patapita zaka, eni nthakawa analandidwa malo awo, n'chifukwa chake kuyambira mu 1970 ena mwa iwo amasonkhana ku Plymouth pa tsiku lomweli kudzalira makolo awo.

Chikondwererochi chikayandikira, ana a m'sukulu zamkaka ndi a m'makalasi oyambirira amapanga tinthu tosiyanasiyana ndi manja awo. Zotchuka kwambiri ndi izi.

Choyamba ndi nkhukundembo ya chikhatho. Nkhukundembo ndiyo ndiwo ya tsikuli. Mwana amaika dzanja papepala, n'kulemberera m'mbali mwake ndi pensulo. Chala chachikulu chimakhala mutu wa mbalameyo, zala zinayi zimakhala nthenga. Pa nthenga iliyonse amajambula kapena kulemba chinthu chimodzi chimene akuthokoza.

Chachiwiri ndi mtengo wa mayamiko. Amazika nthambi youma m'chitini cha mchenga. Tsiku lililonse aliyense m'banjamo amatenga tsamba, lenileni kapena lodula papepala, n'kulembapo chimene akuyamika, kenaka amalimangirira panthambi. Pofika tsiku la phwando, mtengo uja wadzaza, ndipo masambawo amawerengedwa mokweza.

Chachitatu ndi zidole za makoko a chimanga, luso limene atsamunda anaphunzira kwa eni nthaka. Makoko amawaviika m'madzi kuti afewe, n'kuwamanga ndi ulusi kuti papangike mutu, mikono ndi thupi.

Kodi tinthu totere timaphunzitsa bwanji kuyamika? Katswiri wa za maganizo, Andrea Hussong, ndi anzake a ku University of North Carolina at Chapel Hill anafufuza mmene makolo amaphunzitsira ana kuyamika. Iwo akuti kuyamika kuli ndi mbali zinayi: kuzindikira chimene walandira, kuganizira chifukwa chimene wachilandirira, kumva kukoma kwake mumtima, ndi kuchitapo kanthu posonyeza kuthokoza. Anapeza kuti makolo ambiri amalimbikira mbali yomaliza yokha, monga kunena "zikomo", n'kusiya zitatu zoyambazo.

Apa ndi pamene ntchito zamanja zimathandiza. Mwana wa zaka zinayi sangakhale phee kumvera ulaliki wa kuyamika, koma angathe kukhala kanthawi akupaka utoto. Manja ake akatanganidwa, pakamwa pamamasuka. Ndiponso zala zinayi zija zimafuna mayankho anayi, choncho mwana amayamba kufufuza m'mutu mwake. Akatchula phala, kholo lingafunse kuti, "Anakuphikira ndani? Nanga nkhuni anakatola ndani? Ukuganiza kuti agogo anadzukiranji m'mamawa chonchija?" Mafunso otere amamusuntha mwana kuchoka pa chinthu kupita kwa munthu. Phunziro lili m'macheza amenewa, ngakhale nkhukundemboyo itaoneka ngati bakha.

Kuyamika kumakhudzanso thanzi. Mu 2003, Robert Emmons ndi Michael McCullough anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti anthu amene ankalemba sabata iliyonse zinthu zimene akuthokoza anali okhutira ndi moyo wawo, ndipo ankadandaula zochepa za m'thupi poyerekeza ndi amene ankalemba zowasowetsa mtendere. Kafukufukuyu anachitika pa anthu akuluakulu, koma chizolowezi chimayambira kuubwana. Paja m'mera m'poyamba.

Kwathu kuno Thanksgiving kulibe, koma masika alipo, ndipo mbewu zake n'zofanana. Chimanga, nyemba ndi maungu, zimene anthu a mtundu wa Wampanoag ankalima m'munda umodzi, ndi zomwezo zimene timabzala mosakaniza m'minda yathu. Pa nthawi yokolola, makoko, zitsononkho, mapesi ndi nthanga za maungu zimangoti mbwee pabwalo. Ana amene amapanga kale magalimoto amawaya ndi kuumba ng'ombe zadothi sangavutike kupanga chidole cha makoko. Popanda pepala, katoni yakale imakwanira. Popanda utoto, pali makala ndi dothi lofiira. Phala la ufa wa chinangwa limamata ngati guluu. Ndipo pamene banja likukonza chopereka cha masika chopita nacho kutchalitchi, mwana angathe kukongoletsa kadengu kake, n'kuikamo yekha chimanga chimene wasankha.

Pali zinthu zochepa zoyenera kusamala. Ana osakwana zaka zitatu asaseweretse nyemba kapena njere za chimanga, chifukwa angathe kutsamwa nazo kapena kuzilowetsa m'mphuno ndi m'makutu. Musawapatse mbewu zopakidwa mankhwala, kaya zogula zobzala kapena zothiridwa mankhwala a anankafumbwe. Sizasi ndi mpeni zikhale m'manja mwa wamkulu, ndipo ana asambe m'manja ndi sopo akamaliza.

Musamukonzere mwana yankho. Akati akuthokoza galu kapena mpira wake wa mapepala apulasitiki, lembani zomwezo, kenaka mufunse amene anamuthandiza kuumanga. Musamuyerekeze ndi mnzake, ndipo musagwiritse ntchito mwayiwu pomuwerengera zimene mwamuchitira, chifukwa mwana wochititsidwa manyazi amangophunzira kuopa. Inunso lembani tsamba lanu iye akuona, ndipo nthawi zina muzimuthokoza iyeyo.

Pomaliza, chinthu chimene mwana wapanga chisathere pakhoma. Ngati watchula agogo, mlangizi wa zaumoyo amene amamuyeza kusikelo, kapena mayi amene amaphika phala kusukulu yamkaka, mutengeni akapereke yekha chidolecho, anenenso chifukwa chake. Akaona nkhope ya wolandirayo ikuwala, adzamvetsa ntchito ya mawu aja amene mwakhala mukumukumbutsa.