Usipa usiku, alendo masana: kodi boti limodzi lingakwanitse zonse?

Malume anga atapuma pantchito ya boma analandira kangachepe kawo n'kunena kuti za m'tauni zawakwana, akubwerera kwawo kunyanja. Tonse tinkaganiza kuti akagula chigayo kapena minibasi monga amachitira anzawo. Iwo ayi. Anati akufuna boti, ndipo boti lake likhale loti usiku anyamata azikaphera nsomba, masana lizinyamula alendo kupita kuzilumba, kenako pa Khirisimasi adzukulu akabwera kuchokera ku Blantyre lizikawakoka pa chubu ngati momwe amaonera kumalo ogona alendo. Zonse zitatu m'boti limodzi.

Anagula laliwiro, la faibala, logwirapo kale ntchito ku South Africa. Linali loyera mbee, la mipando yofewa ndi chiwongolero ngati galimoto, kumbuyo kuli chiinjini cha mahosipawa 85. Tsiku lomwe linafika mudzi wonse unakhamukira kudoko. Koma chaka chisanathe botilo linali pansi pa mtengo wa mango, atalifunditsa lona, nkhuku zikuikira mazira pansi pa mpando wa woyendetsa.

Silinali boti loipa ayi. Linangogwa m'manja mwa munthu yemwe ntchito yake yeniyeni inali ina. Ukonde wa chilimira ukanyowa umalemera ndipo umafuna malo, pamene m'botimo munadzaza mipando. Alovi analibe poponda pokoka ukonde. Mafuta a ulendo umodzi wopita kokapha nsomba ankadya phindu la usiku wonse. Injini itadwala, makaniko wa padoko anaitsegula, anaiyang'ana, n'kuitsekanso mwaulemu.

Nkhaniyi ndaikumbuka chifukwa maganizo a malumewa tsopano ali m'mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja ya Malawi, kuyambira ku Chembe, Senga Bay mpaka ku Nkhata Bay. Nsomba sizikuphedwa ngati kale, makamaka chambo, choncho kudalira ukonde wokha n'kuika moyo pachiswe. Alendo nawo amabwera mwa nyengo, mwezi wina mbwee, mwezi wina zii. N'zomveka kuti banja lomwe lasonkha ndalama, mwina mwana wa ku Joni watumiza, lifune boti loti lizigwira uku ndi uku. Vuto ndi loti pa tsiku logula, maso amathamangira ntchito yosangalatsa, osati ntchito yomwe idzadyetse ana.

Ine ndimati munthu asanapite kwa mmisiri kapena kwa wogulitsa, ayambe wakhala pansi ndi kalendala. Pa masiku 365, ndi angati omwe botilo lidzapite kokapha nsomba? Ndi angati omwe mudzapeze alendo olipira? Nanga oseweretsa ana ndi angati? Ambiri akawerenga moona mtima amapeza kuti masewero ndi a masiku khumi kapena kucheperapo, pa Khirisimasi, pa Pasaka ndi patchuthi cha sukulu. Ndiye n'kugula boti chifukwa cha masiku khumiwo, masiku enawo n'kumavutika nalo?

Chomwe chimasiyanitsa ntchitozi kwenikweni ndi mapangidwe a pansi pa boti. Boti la matabwa lomwe timalidziwa tonse ndi lolemera, limakhala m'madzi ndipo limayenda pokankha madziwo. Boti lotere liwiro lake limadalira kutalika kwake. La mamita 7 likafika makilomita pafupifupi 12 pa ola, kuwonjezera moto sikuthandiza kwenikweni. Mphuno imangokwera, kumbuyo kumatitimira, petulo n'kumatha. Pamene munthu wamkulu kuti aimirire pa timatabwa ta ski akukokedwa, pamafunika liwiro la makilomita 30 pa ola kapena kuposa. Liwiro limeneli limatheka ndi boti lopepuka lomwe limatuluka m'madzi n'kumatsetsereka pamwamba. Koma boti lomwelo mukalisenzetsa ukonde wonyowa, alovi asanu ndi atatu ndi mabigiri a usipa, silitsetserekanso. Limangofwenthera ngati bulu wolemedwa.

Palinso nkhani ya msana wa boti. La pansi pafulati silipendama msanga madzi akakhala bata, munthu amatha kuimirira n'kumaponya mbedza bwinobwino, ndipo limafika pamchenga popanda vuto. Koma mafunde akadzuka limamenyetsa pansi moti mano amachita kugundana. La msana wosongoka limadula mafunde mofewa, koma likaima limagwedezeka, mlendo wosazolowera n'kuyamba kusanza asanaone n'komwe mbuna.

Kunena mosapsatira, lomwe limayandikira kugwira zonse ndi boti la faibala lalitali, lopyapyala, la mphuno yokwera, lopanda zokongoletsa mkati, longa aja afala m'magombe a Tanzania ndi Mozambique. La mamita 6 kapena 7 lokhala ndi injini ya mahosipawa 40 limatha kutsetsereka likanyamula anthu ochepa, limakoka chubu, ndipo mkati mwake muli malo a matchera ndi mbedza. Mabenchi akhale ochotseka, denga la lona likhalenso lochotseka. Faibala ili ndi ubwino wina womwe anthu saulabadira: imatsukika. Thabwa limamwa fungo la nsomba ndipo silibweza. Ife a kunyanja fungolo sitilimva n'komwe, koma mayi wochokera ku Lilongwe atavala zoyera amalimva ali patali.

Komabe musathamangire kunyoza matabwa. Boti la matabwa likaboola, mmisiri ali m'mudzi momwemo, amabwera ndi thonje, phula ndi misomali, madzulo mwabwerera pamadzi. Luso lokhoma maboti lilipo m'madoko ambiri, ndipo ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, komwe kuli sukulu ya zausodzi, ntchitoyi inakhazikika kalekale. Faibala ikang'ambika pamwala muyenera kusaka mankhwala ake omatira m'tauni, ndiponso munthu wodziwa kuwasakaniza. Chomwe chasintha n'chakuti mitengo yolimba m'madzi monga mlombwa, mbawa ndi mkungudza wa ku Mulanje yasowa, ina ndi yotetezedwa ndi lamulo, choncho amisiri ambiri akukhomera paini. Boti la paini silikhalitsa ngati la makolo aja. Pogula funsani mtengo womwe wagwiritsidwa ntchito, ndipo ngati ndi logwirapo kale ntchito tengani kampeni mubaye matabwa a pansi ndi thabwa la kumbuyo pokhala injini. Mpeni ukalowa ngati m'papaya, bwererani ndi ndalama zanu. Penti watsopano amabisa zambiri.

Tsopano injini, pomwe pagona ndalama zenizeni. Boti mumagula kamodzi, koma injini mumaidyetsa tsiku lililonse. Pa injini zosakaniza petulo ndi oyilo, monga za Yamaha Enduro zomwe zadzaza m'madoko athu, ya mahosipawa 15 ikatsegulidwa moto wonse imamwa malita pafupifupi 7 pa ola, pamene ya 40 imafika malita pafupifupi 20. Werengerani nokha pa mtengo wa petulo wa lero, osaiwala masiku aja timagona pamizere ya mafuta. Ya malume ija ya 85 musafunse.

Kulemera nakonso n'kofunika. Ya 15 sifika makilogalamu 40, mnyamata mmodzi amaiika paphewa n'kukaigoneka m'nyumba. Ya 40 imaposa makilogalamu 70, imafuna anthu awiri amphamvu, apo ayi igone kudoko ndi mlonda, ndipo tonse tikudziwa kuti injini yogona kudoko imamera miyendo. Injini zosasakaniza oyilo zimamwa mafuta pang'ono ndipo sizisokosa, zomwe alendo amakonda, koma ndi zodula, zolemera, ndipo zimafuna makaniko wozidziwa. Musanagule mtundu uliwonse, pitani kaye kwa makaniko wa padoko lanu mukamufunse kuti ndi injini iti yomwe angaikonze lero lomwe ndi zipangizo zomwe ali nazo m'bokosi. Yankho lakelo ndi lofunika kuposa zonse zomwe wogulitsa angakuuzeni.

Kanthu kena kakang'ono komwe kagwetsa ambiri ndi mwendo wa injini. Ulipo waufupi, wa mainchesi 15, ndi wautali, wa mainchesi 20, ndipo uyenera kugwirizana ndi kutalika kwa thabwa la kumbuyo. Ukafupika, pulopela imatuluka m'madzi pa funde lililonse n'kumalira pachabe. Ukatalika, imakumba mchenga pofika padoko. Mukaliza injini yang'anani ngati ikukodza, kutanthauza kamadzi kaja kamatuluka chakumbuyo. Ikapanda kukodza ndiye kuti madzi oziziritsa sakuyenda, zimitsani msanga isanapse.

Zonsezi n'zachabe ngati boti silingapirire mwera. Nyanja yathuyi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo kumpoto imazama mamita pafupifupi 700. Mphepo ya mwera ikamaomba kuchokera kummwera chakum'mawa, makamaka kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, imakhala ndi mtunda wautali wokuzira mafunde. Miyezi yomweyo ndiyo alendo ochokera kunja amachuluka. Sitima ya Vipya inamira mu Julaye 1946 ndi anthu 145, ndipo inali sitima yachitsulo, osati boti la banja. Mu Epulo 2017 ku Mlowe m'boma la Rumphi boti lodzaza ndi anthu ochokera ku mapemphero a Pasaka linagubuduzika, miyoyo n'kutayika. Choncho boti muliyese tsiku la mphepo, osati m'mawa wa bata nyanja ili ngati galasi. Onani kutalika kwa m'mbali mwake likanyamula katundu. La faibala likhale ndi zipinda zotsekeka za mpweya kapena thovu lolimba mkati, chifukwa faibala payokha imamira, pamene thabwa limayesako kuyandama.

Majekete oyandamitsa akwanire aliyense, ndipo a ana akhale a msinkhu wawo. Jekete ya munthu wamkulu imavuka pa mwana akangogwera m'madzi. Nkhafi ziwiri, nangula wa chingwe chachitali, chokapira madzi, tochi ndi foni yokulunga m'pulasitiki zisamatsike m'botimo. Pokoka chubu pakhale anthu awiri, wina woyendetsa, wina woyang'ana kumbuyo, ndipo injini izimitsidwe munthu akamakwera kuchokera m'madzi, pakuti pulopela sidziwa mwana wa mwini boti. Musaseweretse ana pafupi ndi mabango kapena pamathiriro a mitsinje pomwe pamakhala ng'ona ndi mvuu, komanso pomwe anzanu atchera matchera. Mukadula ukonde wa mnzanu ndi pulopela, mlandu wake ku komiti ya padoko sutha lero.

Ndiye pali malamulo, omwe amasiyana malinga ndi chipewa chomwe mwavala tsikulo. Mukavala cha usodzi, zida zanu zimafuna chiphaso cha nthambi ya zausodzi, ndipo kumapeto kwa chaka pamakhala nyengo yoletsa makoka ena kuti chambo chiswane. Mukavala chonyamula anthu olipira, boti liyenera kulembetsedwa ndi kuyezedwa ndi nthambi yoona za maulendo a pamadzi, ndipo chiwerengero cha anthu omwe lavomerezedwa kunyamula si chokambirana. Kwa a ku Cape Maclear pali chinanso. Malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, omwe anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1984, amatenganso madzi a mamita 100 kuchokera pagombe la malowo ndi zilumba zake monga Thumbi, Domwe ndi Mumbo. M'madzi amenewo simuphedwa nsomba. Boti lomwe masana labweretsa alendo kudzaona mbuna, usiku n'kubwereranso pomwepo ndi ukonde, likudzidula lokha mwendo, chifukwa mlendo amalipira kuti aone nsombazo zili zamoyo.

Kumbali yabwino, ntchito ziwirizi zimatha kusinthana bwino ngati mwini ali ndi dongosolo. Usipa wa nyali umaphedwa mwezi ukakhala mumdima, ndipo mwezi ukawala siginala amapuma. Masiku amenewo boti lili pa mpata, mutha kulitsuka, kubwezera mabenchi ndi denga, n'kulonjeza alendo ulendo wa m'mawa wokaponyera nkhwazi nsomba. Chosatheka ndi choti mnyamata yemwe wachezera usiku wonse akukoka chilimira ayendetsenso ana a eni pa 9 koloko m'mawa. Tulo ta pamadzi tilibe pokhotera.

Malume aja potsiriza analigulitsa boti loyera lija kwa mwini malo ena ogona alendo, motchipa ndithu, ndipo azakhali sanasiye kuwakumbutsa. Ndalama zotsalazo anakhometsa la matabwa la mamita 8, n'kugula injini ya mahosipawa 25. Limapha usipa masiku a mdima, ndipo Loweruka limanyamula magulu a kwaya ndi ana a sukulu kupita kuchilumba, aliyense atavala jekete, pakuti pamenepo malume sanyengerera munthu. Khirisimasi yathayi adzukulu anamangirira chubu cha thirakitala kumbuyo. Boti linkayenda ngati likupita kumaliro, koma anawo anakuwa mpaka mawu kusasa, ndipo wamng'ono kwambiri anakana kutsika mpaka petulo anatha, alovi n'kubwerera kudoko ndi nkhafi.